Mpingo Umene Unanyamula Ndaziona

Panali mayi wina amene ankakhala ku Mitundu, ndipo anasamukira ku Kawale mumzinda wa Lilongwe chifukwa amuna ake anali atapeza ntchito yoyendetsa thiraki. Ntchitoyo inali ya maulendo ataliatali, moti bambowo ankaoneka pakhomo mwa apo ndi apo. Mayiyu ankatsala yekha ndi mwana wawo wamkazi, dzina lake Ndaziona.

Ndaziona anali wa msinkhu woyamba sukulu, koma anabadwa ndi ulumali. Sankayenda, sankalankhula. Kulikonse ankapita ali kumsana kwa mayi ake, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo. Mwanayu ankakonda nyimbo, ndipo akakondwa ankakuwa. Kumudzi anthu anali atamuzolowera, pakuti mpingo wa kwawo unamudziwa kuyambira ali khanda. M'tauni munalibe womudziwa.

Mayiyu sankafuna zambiri. Ankafuna mpingo woti azipemphera pamodzi ndi mwana wake, mpingo umene chikhristu chake chimatulukako panja n'kukafika kwa anthu ovutika.

Lamulungu loyamba anabereka mwana n'kupita ku tchalitchi chachikulu cha m'mbali mwa msewu. Munali mokongola, kwaya itavala yunifolomu yonyezimira. Nyimbo itangoyamba, Ndaziona anakuwa ndi chimwemwe. Posakhalitsa wolandira alendo anafika, nawerama mwaulemu, n'kunong'ona kuti mwina mayi akanakhala kaye panja mpaka mwana atakhala chete. Ulaliki wonse anaumvera pansi pa mtengo.

Sabata ina anayesa kwina. Kumeneko anamulandira ndi manja awiri. Koma mlaliki atamuona mwanayo anawaitanira kutsogolo, n'kulengeza kuti muli chiwanda chochokera kwa makolo. Anamukalipira mwanayo m'khutu mpaka analira kosatonthozeka, anthu akujambula ndi mafoni. Mayiyu anabwerera kunyumba chitenje chitanyowa ndi misozi ya mwana.

Anayesanso kwina, ndi kwinanso. Pena aphunzitsi a Sande sukulu anapepesa kuti sadziwa chochita ndi mwana wotere. Pena palibe ananena kanthu, kungoti benchi imene iye anakhalapo inkangopunguka anthu pang'onopang'ono mpaka anatsala awiri, iye ndi mwana wake. Kumeneku n'kumene kunamupweteka koposa.

Choncho analeka. Lamulungu likafika ankatsegula wailesi, n'kumachapa zovala mapemphero akumveka. Amuna ake pafoni ankamuuza kuti Mulungu ali paliponse, angopemphera pakhomo. Iye ankadziwa kuti n'zoona. Komabe wailesi sikufunsa kuti mwadzuka bwanji.

Tsiku lina mkati mwa sabata anapita ndi Ndaziona kuchipatala kokawongola miyendo. Mzere unali wautali, dzuwa likuswa mtengo, msana ukuyaka ngati moto. Kunabwera amayi angapo ndi ndowa ya phala, n'kumagawira odikira. Sanalalikire, sanafunse mpingo wa munthu. Mmodzi wa iwo, mayi wachikulire woonda amene ankayenda motsimphina, anaima pafupi n'kumuyang'ana.

"Mayi, tamutsitsani mwanayo ndimugwireko, muwongole msana," anatero.

Mayi ake a Ndaziona anazengereza. Anafotokoza kuti mwanayo ngolemera, amatuluka dovu, adetsa zovala. Wachikulireyo anangoyankha kuti zovala zimachapika, n'kukhala pansi, n'kutambasula manja. Chisamukire m'tauni muja, aka kanali koyamba kuti munthu wina amunyamule Ndaziona. Mayi ake anaimirira opanda kanthu kumsana, osadziwa kuti manja awaike pati.

Pofuna kusiyana, anafunsa kuti amayiwo amapemphera kuti. Anamuuza kuti n'kuseri kwa msika, katchalitchi kosapaka pulasitala, ndipo anamuitana kuti adzabwere.

Lamulungu litafika, mayiyu anakhala pamphasa nthawi yaitali nsapato zili m'manja. Mtima umodzi unkati, usakadzichititsenso manyazi, anthu amakoma kuchipatala koma m'tchalitchi amasintha. Anali atatopa kuyenda, atatopa kupepesa, atatopa ndi maso a anthu. Koma anadziuza kuti ayesa komaliza, zikakanika ndiye basi. Anabereka mwana n'kunyamuka.

Katchalitchiko kanalibe chodabwitsa. Malata anali ndi dzimbiri, mabenchi ena ogwedera, ana ali balalabalala pamikeka kutsogolo. Iye anasankha malo a pafupi ndi khomo kuti asadzavutike potuluka. Nyimbo inayamba, Ndaziona anakuwa. Mayi ake, mwachizolowezi, anatola chitenje n'kuimirira.

Pakhomo panali mkulu wa mpingo, bambo wa imvi. Anatambasula dzanja n'kutseka njira.

"Mukupita kuti, mayi? Mwanayu akuimba. Musamutulutse nyimbo isanathe."

Mayiyu anakhala pansi. Mapemphero anapitirira. Mwana anakuwanso pakati pa ulaliki, abusa anangodikira pang'ono n'kupitiriza pamene analekezera. Palibe anasuntha pabenchi.

Musaganize kuti anapeza mpingo wa angelo, ayi. Ulaliki nthawi zina unkatalika mpaka anthu kusinza. Mvula ikagwa ankasuntha mabenchi kuthawa modontha. Amayi a phala aja nawonso ankakangana, ndipo ambiri mwa iwo anali ndi mavuto awo kunyumba: uyu mwamuna wodwala, uyu ana amasiye. Ndaziona sanayende, sanalankhule. Koma bambo wina wowotcherera zitsulo anamupangira kampando ka mateyala a njinga, ndipo amayi ankasinthana kudzakhala naye kuti mayi ake apiteko kumsika. Patapita miyezi, mayi uja anayamba kupita nawo kuchipatala, atanyamula ndowa ya phala, msana ukuwawabe.

Abale anga, nali tanthauzo lake. Ena mwa inu mwangosamukira kuno, ndipo mwatopa kuyendayenda kufuna kopemphera. Musakopeke ndi kukula kwa nyumba kapena kukoma kwa kwaya. Funsani kuti anthu ake amapezeka kuti pakati pa sabata, ndipo onani chimene amachita mwana akasokosa. Mukatopa, yesaniponso kamodzi.

Ndipo ife amene tinakhazikika kale pamabenchi awa, fanizoli likutiloza chala. Mlendo akalowa pakhomo paja, sabwera ndi mafunso a chiphunzitso. Amabwera ndi katundu kumsana, ndipo amakhala pafupi ndi khomo, wokonzeka kutuluka. Ambuye wathu sanathamangitse ana, ndipo otopa anawaitanira kwa Iye. Mpingo wake ndi anthu otopa amene aphunzira kulandirana katundu. Wina walowa muno lero akudziuza kuti uku n'kuyesa komaliza. Atipeze titatambasula manja.