Fodya wa a Matewere

Ndinabisa pepala la alamu anga. Ndiyambire pamenepo, chifukwa ndikayambira pena ndiyamba kudzikometsera, monga ndachitira zaka zambirimbiri. Ndinalipinda kanayi n'kuliika pansi pa chitini cha misomali, ndipo linagona m'menemo, mwini wake kwa zaka zitatu akuganiza kuti lili pa tebulo la akuluakulu ku boma.

Ana inu, pali mwambi wa fodya umene mumaumva m'kamwa mwa akulu. Ena amati ndi wa makolo akalekale. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, sindingalimbane ndi ophunzira. Koma kwathu kuno mwambiwo unabadwira pa mlatho wa Nankhande, ndipo mzamba wake ndinali ine, Yotamu.

Alamu angawo dzina lawo a Matewere. Anakwatira alongo anga aakulu, a Nangozo. Tonse tinkagwira ntchito ya boma yokonza misewu, ine kapitawo, iwo mmisiri womanga milatho ndi miyala. Kunena zoona, ntchitoyo anandipezera ndi iwowo, ndipo ukapitawo ndinaupeza chifukwa ndinkatha kulemba mayina. Iwo ankangodinda chala. Koma pa mwala, ayi ndithu, sindinaonepo wina. Amisiri anzawo ankakoka chingwe, kuyeza, kugumula, kuyezanso. A Matewere ankangoutembenuza mwala kawiri, kutsinzina diso limodzi, n'kuukhazika. Basi, wakhala mpaka lero. Akuluakulu akabwera kudzayendera ntchito ankagwira chanza ine.

"Alamu," ankatero akuluakuluwo akachoka, "dzanjalo musasambe. Mundigawireko ulemu wanga madzulo."

Chinthu chimodzi chinkawadya mumtima. Munthu womanga milatho yoolokapo malole ankagona m'nyumba ya dothi, yofolera udzu. Tchuthi chilichonse akapita kumudzi ankatuta miyala kuphiri, yosankha yosankha, n'kumaunjika kuseri kwa nkhokwe. Anawalonjeza a Nangozo kuti akadzapuma pa ntchito, ndalama yoyamba ya penshoni adzagula simenti ndi malata, ndipo nyumbayo adzamanga ndi manja awo, osalola mmisiri wina kukhudzapo.

Masiku amenewo munthu zaka zake za ntchito zikakwana sankachedwa. Ankamanga mphasa, ulendo wa kwawo. Zinayamba kusintha ife tikuona. Anthu anayamba kukakamira, ena kudzichepetsera zaka, munthu wa imvi mbuu n'kumati ndine wa dzana. Chifukwa chake chinali chomveka: ukachedwa kupuma, malipiro akwerako, ndipo penshoni imatsata malipiro otsiriza. Pa kampu yathu nkhani inali imeneyo tsiku ndi tsiku, kupuma lero kapena kudikira.

A Matewere sanalowe nawo mkangano. Zaka zawo zitakwana zoti munthu akafuna apume, anabwera kwa ine.

"Akapitawo, ndilembereni pepala lija. Ndikupita kukamanga nyumba ya alongo anu."

"Alamu, mukuthamangira chiyani? Dikirani zaka zitatu zokha. Penshoni idzanenepa."

"Inenepe yokha, ine ndikuonda? Maso angawa ayamba kuchita utsi m'mbalimu. Ndikufuna ndimange ndikuona."

Ndinalemba, iwo anadinda chala. Ntchito yanga inali kulipereka kwa woyendetsa lole ya boma Lachisanu. Koma sabata yomweyo ndinamva kuti akufuna kumanga mlatho waukulu pa Nankhande, wa mizati isanu, ndipo kapitawo amene adzaumalize bwino adzakwezedwa kukhala woyang'anira makampu onse a chigawo. Ndinadziwa kuti popanda a Matewere mizatiyo idzapita ndi madzi a mvula yoyamba, ndi dzina langa lomwe. Lachisanu lole inabwera, inapita. Pepala linalowa m'chitini.

Ndinadziuza kuti ndikuwathandiza. Bodza lokoma ndi limene lili ndi choona pang'ono mkati mwake, ndipo langa linali nacho: penshoni inkakuladi.

Mwezi ukatha ankandifunsa. "Alamu, yankho?"

"Zaboma mukuzidziwa. Likadali pa mzere."

"Mzere umenewu ndi wopita ku Joni wapansi?"

Tinkaseka. Iwo n'kutulutsa kabotolo kawo ka fodya wa m'mphuno, kuthira pang'ono pa chala, kukoka, kuyetsemula kawiri, n'kubwerera ku miyala. Chaka chinatha, china chinatha. A Nangozo anandifunsapo pa maliro ena kumudzi, "Achimwene, inu ndinu odziwa kulemba, bwanji osawakumbutsa akuluakuluwo?" Ndinati ndawakumbutsa kale kawiri. Ndinanamiza mlongo wanga pa maliro, ana inu, anthu akuimba nyimbo za Mulungu.

Zizindikiro zinalipo, koma sindinafune kuziona. A Matewere anasiya kutsinzina diso. Anayamba kuusisita mwala ndi zikhato nthawi yaitali asanaukhazike. Poyenda pa thabwa ankakhweretsa phazi. Khoma linkatulukabe loongoka, choncho ndinati palibe kanthu.

Tsikulo linali la mu Julaye, chaka chachitatu, mwera ukuwomba wolasa m'mafupa. Tinali pamwamba pa mzati wachisanu, wotsiriza. Nthawi yopuma anthu onse anakhala pa matabwa, ndipo a Matewere anatulutsa kabotolo kaja. Anakagogoda pa chala, fodya anatsika wotsiriza, kabotolo n'kutsala kopanda kanthu. Asanakoke anati:

"Yotamu." Sankanditchula dzina pa anthu, choncho onse anatembenuka. "Mawa ndikwera lole ndekha. Ndikafunse ku boma komweko kuti pepala langa linalakwa chiyani."

Ndinawagwira mkono, womwewo wa fodyawo.

"Dikirani, alamu. Mundimvere kaye."

Ndipo ndinalankhula. Ndinanena za mlatho kuti watsala pang'ono, za malipiro kuti akwera mwezi wa mawa, za anzawo amene anapuma msanga ndipo lero akulira. Ndinalankhula nthawi yaitali, dzanja lawo lili m'malere, ine ndaligwira. Mwera unabwera kamodzi, fyuu, n'kuseseratu chala chija. Tonse tinaona fodya akuuluka ngati kafumbi kulowera kumtsinje.

Nditawasiya, a Matewere anakweza chala chija mosamala, monga munthu wosafuna kutaya kanthu, anachiika pamphuno, n'kukoka.

Anthu anaphulika kuseka. Wina anakuwa, "Madala, mwakoka mphepo!" Koma kusekako kunazima msanga, mmodzimmodzi, chifukwa aliyense anazindikira chimene ndinazindikira ine. Chala chinali patsogolo pa nkhope yawo, dzuwa lili pamutu, ndipo iwo sanaone kuti palibe kanthu.

Anasisita chala chija ndi chinzake. Kenaka anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Ndamva, alamu," anatero. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wapachala ndi wamphepo."

Anapempha munthu awagwire dzanja potsika. Sanakwerenso pa mzati uliwonse.

Madzulo omwewo ndinalemba pepala lina, ndinawauza kuti ndi lokumbutsa, anadinda. Ndinapita nalo ndekha ku boma, ndipo sipanathe ndi miyezi itatu yomwe, yankho linabwera. Kuchipatala dokotala anati si ng'ala yoti n'kuchotsa, matendawo apha mitsempha ya maso pang'onopang'ono, akanabwera kale akanapulumutsako kena. Penshoni inatuluka, yonenepa monga ndinalonjezera. Ine ndinakwezedwa. Anandipatsa njinga yamoto ndi chipewa.

A Nangozo anafuna kulemba mmisiri wina kuti amange nyumba ija. A Matewere anakana. Anati miyala imeneyo anaisankha okha, uliwonse akuudziwa malo ake, ndipo sangagone m'khoma lokhota la munthu wina pamene akumva ndi msana kuti lakhota. Simenti sanagule. Mulu wa miyala unamera udzu, abuluzi n'kumaotherapo dzuwa. Ine ndikapita kumudzi ndinkadzera njira ya kumunsi kuti ndisauone.

Mwambi uja unayenda. Anthu a pa kampu anapita nawo kwawo, ndipo ndinayamba kuumva m'misika, m'mabasi, kwa anthu osawadziwa a Matewere. Aliyense akaunena ndinkamva ngati akunditchula dzina.

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Chimene uli nacho ndi chimene chafika kale pamene chimagwira ntchito. Cholonjezedwa, ngakhale chili pafupi ngati chala ndi mphuno, sichinakhale chako, pakati pakepo pamadutsa mphepo. Sindikunena kuti kudikira n'kulakwa. Alipo amene anadikira, thupi lili lolimba, ndipo anachita bwino. Koma munthu akamawerenga zimene adzapeze akadikira, awerengenso zimene akudikiritsa: maso, mawondo, mkazi amene akukalamba kumudzi. Zimenezo boma silibweza. Ndipo kuwerengako achite mwini thupi. Iwe wapambali usamugwire mkono.

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi nthawi yanga inakwana. Bwana wanga, munthu wabwino ndithu, anandiitana.

"A Yotamu, musapume chaka chino. Tsalani ziwiri zokha, pali udindo wina ukubwera. Mudzapuma ngati mfumu."

Ndinamva mawu anga omwe akutuluka m'kamwa mwa munthu wina. Ndinati, "Bwana, pepala langa ndi ili, ndipo ndipita nalo ndekha."

"Mwakwiya ndi chiyani?"

"Sindinakwiye. Ndili ndi nyumba yoti ndikamange."

"Inu mumamanga kuyambira liti? Si inu olemba mayina?"

"Ndikaphunzira, bwana."

Anandinyengerera sabata yathunthu. Anzanga anati ndalodzedwa. Mkazi wanga anandiwerengera zimene tikutaya, ndipo sanalakwitse ngakhale pamodzi. Ndinamuuza za chitini, iye woyamba. Iye anangoti, "Ndiye mukuchedweranji pano?"

Ndinafika kumudzi ndi ngolo ya simenti, m'mawa. A Matewere anali pakhonde, atatsamira ndodo, tsitsi lonse loyera. Anamva mapazi.

"Amenewo ndi mapazi a bwana. Lero mwadzera njira ya kumtunda, alamu? Ya kumunsi yagumuka?"

Anali akudziwa ngakhale za njira. Ndinati, "Ndabwera kudzafuna ntchito. Ndikufuna mmisiri wondiphunzitsa. Maso ndili nawo, koma ndi opusa. Inu muziugwira mwala, muzindiuza pokhala pake, ine ndizinyamula ndi kuponda matope."

"Kapitawo kuponda matope? Nangozo, tatuluka udzaone, dziko latha!"

A Nangozo anatuluka, manja ali ndi madeya. Ndinawatsogolera alamu kuseri kwa nkhokwe. Ndinazula udzu, ndinawaikira mwala woyamba m'manja. Anautembenuza kawiri. Nkhope yawo inasintha.

"Uwu ndi wa pangodya ya kum'mawa," anatero. "Ndinautenga chaka cha dzombe lija. Koma usaukhazike wekha, udzaupotoza."

Ndikanatha kulekera pomwepo. Nyumba ikanamangidwa, anthu akananditama kuti ndine mlamu wachifundo, ndipo ndikanagwidwanso chanza pa ntchito ya eni ake. Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa pepala lija, lofiira ndi dzimbiri la misomali. Ndinachotsa mwala m'manja mwawo n'kuikamo pepalalo. Analifunyulula, zala zawo zikuyenda m'mapindo anayi aja. A Nangozo anayandikira, anaona chidindo cha chala cha amuna awo pansi pake, n'kugwira pakamwa.

Ndinagwada pa miyala pomwepo, ndinavula chipewa, ndipo ndinanena mokweza kuti ndi mlongo wanga yemwe amve:

"Alamu, pepala lanu loyamba ndi limeneli. Silinapite ku boma. Ndinalibisa ine, kuti mundimangire mlatho ndikwezedwe. Si mphepo inakutayirani fodya, ndine amene ndinakugwirani mkono. Zaka zitatu zimene munali kuona ndinadya ine, ndipo sindingazibweze. Ndinalakwa, alamu. Ndinalakwa, alongo anga. Pepani."