Msonkho wa Njinga za Kabaza

Thumba la boma litauma, akuluakulu anakakumana ku hotela kuti apeze amene akusaukitsa dziko. Atakhuta nkhuku, anawapeza: anyamata a kabaza.

M'mawa mwake Bwana Kamtengo, mkulu wa misonkho, anafika pa siteji ndi apolisi.

"Njinga iliyonse ilipire msonkho lero!"

Mofati, mmodzi wa akabazawo, anavula chipewa. "Pepani bwana, nanga ikapanda kulipira?"

"Tiilanda, tikaigulitsa, ndipo mwini wake akagona m'chitokosi."

"Zoona, bwana. Tanenaninso mokweza, anzangawa samva msanga."

Bwana anabwereza mokuwa mpaka msika wonse unamva.

Mofati anaimba likhweru. Anzake onse anakankha njinga n'kuziunjika pamapazi pa bwana.

"Tengani, bwana, dziko litukuke. Amphawi ngati ife njinga tingaigule ndi chiyani? Timangobwereka, madzulo n'kukapereka ya tsiku kwa eni ake."

"Eni akewo ndani? Atchule!"

"Ndi mayi a kunyumba kwanu, bwana. Zonsezi."

Wapolisi anasolola unyolo m'thumba, nafunsa mwaulemu:

"Bwana, tikawatenge pompano, kapena ayambe akuphikirani kaye?"