Kambuku wa Don Evaristo

Kwathu ku Barranquilla phwando ndi pikó, chimulu cha masipika chimene chimagwedeza msewu wonse. Don Evaristo, wokonza mawailesi wa mumsewu wathu, analumbira kuti mwana wake Yuleidis akadzakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, gule woyamba adzavina naye pa ampulifaya yopanga yekha.

Luso analinalo, pamenepo sitingamunamizire. Analumikiza mawaya, n'kuwotcherera tizipangizo, chinthucho n'kulira mpaka mawindo kunjenjemera. Kenako anachitsekera m'bokosi lamatabwa, mnzake Wilfrido n'kujambulapo kambuku wa mano agolide.

Mkazi wake Nereida anagwira bokosilo n'kubweza dzanja msanga. "Evaristo, ichi chikutentha ngati poto wa mpunga. Boolani kuti chizipuma."

"Ndiboole nkhope ya kambuku? Iwe samala msuzi wako wa sancocho, zamagetsi undisiyire."

"Chabwino, bwana injiniya. Mukapsereza mudya nokha."

Loweruka masana, tsiku la phwandolo, Evaristo anaika bokosilo pamsewu, dzuwa likuswa mtengo. Anthu anaunjikana kusirira kambuku, Evaristo akungokweza mawu, akuyenda ngati mzinda ndi wake. Yuleidis atatuluka m'diresi lake lapinki, bambo ake n'kumugwira dzanja, nyimbo inasasa mawu, kenako zii. M'ming'alu ya bokosi munatuluka utsi.

"Compadre, bwenzi langa, kambuku wanu wayamba liti kusuta fodya?" anafunsa Wilfrido, msewu wonse n'kufa nalo phwete. Yuleidis yekha sanaseke. Misozi inalengeza m'maso mwake, ndipo ine zinandikhudza kwambiri.

Nereida analowa kukhitchini n'kutuluka ndi kaampulifaya ka m'chitini cha mabisiketi, kobooka mbali zonse. Evaristo anamupangira kameneka ali pachibwenzi, koma masiku ano ankachita nako manyazi. Mayiyo anamupatsa m'manja.

"Lumikizani, mwana akudikira."

Mwamuna analumikiza sipika imodzi, mutu uli pansi. Mawu anali ochepa, moti msewu wonse unakhala chete kuti umve, zomwe kwathu kuno sizichitikachitika. Bambo ndi mwana anavina.

"Ababa, mukundiponda," ananong'ona Yuleidis, akuseka tsopano.

"Pirira mwanawe, lero ndapondedwa ndine."

Lolemba tinamuona Evaristo pakhonde akuboola kambuku pamphumi penipeni, Nereida atamugwirira bokosi, akuimba kanyimbo ka pansipansi. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.