Pakamwa pa a Mvuu

Kalekale, ana inu, ndi inunso akuluakulu amene mukunamizira kusinza kumbuyoko, kudambo lina nyama zinachita chisankho. Chinapambana ndi chipani cha a Mvuu, dzina lake Tidye Tonse.

Chiyambire makolo, nyama za kumeneko zinali ndi nkhokwe ya onse, yotsegula njala ikafika. Wokolola zambiri ankathiramo zambiri, wokolola pang'ono ankathiramo pang'ono. Koma a Mvuu atangokhala pampando anati, "Zachikale zimenezo! Boma lichepe, lisamasuzumire m'minda ya eni ake. Za msonkho ndagulira makina kutauni."

Makinawo anali kabokosi kakuda, ka diso limodzi, kodya dzuwa, kolankhula ngati munthu. Nyama zinakapatsa dzina loti Kaganiza.

"Ameneyu alibe mlamu, alibe mimba," anatero a Mvuu. "Chimene wanena ndi lamulo, ngakhale kwa ine ndemwe!"

Nthungululu lululu, fumbi koboo.

A Ng'azi, mlembi wa chipani, ndiwo anauza Kaganiza lamulo latsopano: pakamwa pamodzi, nsengwa imodzi. Tonse tifanane. Wolephera kupereka pofika tsiku la msonkhano wa chipani, munda ulandidwe.

Tsono kunali mayi Kapuku, kambewa kamasiye, ka ana asanu ndi awiri. A Mvuu, mwini minda ya tsidya lonse, nsengwa imodzi. Mayi Kapuku, nsengwa zisanu ndi zitatu. M'nyumba mwawo munangotsala mtedza wa mbewu. Apereke, adzala chiyani? Akane, alima pati?

A Fulu, oyandikana nawo nyumba, anabwera kwekwerekwekwere ndi kansengwa, nakasiya pakhomo. Iwonsotu analibe zambiri. Mayi Kapuku anathokoza, komabe sizinakwane.

M'mawa anapita pansi pa mkuyu, pamene Kaganiza ankakhala, kukapempha kuti awachepetsereko. Anapeza diso lake lili fumbi lokhalokha. Palibe amene ankalipukuta. Iwo anatenga mchira wawo, pukutu pukutu.

"Zikomo, mayi," anatero Kaganiza. "Koma nsengwa zanu n'zomwe zija."

"Ndamva, bambo. Kodi pakamwa pa a Mvuu munapaonako?"

"Ayi. Akuluakulu saima pamzere, amatuma a Ng'azi. A Ng'azi anati ndi pamodzi."

"Nanga inu mumadziwa kuti pakamwa pamakula bwanji?"

"Ngati panupo. Onse amene amabwera pano ndi ang'onoang'ono, ndiye muyeso wanga ndi womwewo. Ine ndimadziwa zimene ndauzidwa ndi zimene ndaona, basi."

Mayi Kapuku anangoti, "Oho." Anabwerera kwawo akuimba chamumtima.

Tsiku la msonkhano linafika. Monga mudziwa, mtsogoleri salankhula amayi asanamuimbire. Mayi Kapuku anagwada pamaso pa a Ng'azi.

"Bwana mlembi, ndapeka kanyimbo kotamanda a Mvuu. Koma Kaganiza akhale kutsogolo, naye aphunzireko ukulu wa atsogoleri athu."

"Iwe Kapuku, wayamba nzeru liti?" anaseka a Ng'azi. "Munyamuleni abwere!"

Ng'oma zinalira, mbimbimbi. Mayi Kapuku anamanga nsalu ya chipani m'chiuno, nayambitsa:

"Ndani ameza munda usiku umodzi?"

"A Mvuu!"

"Ndani akayasamula dzuwa libisala?"

"A Mvuu!"

A Mvuu anatupa, timakutu pirikupiriku. "Munda umodzi? Mukundichepsa, amayi. Itatu!"

"Pepani, bwana," anatero mayi Kapuku ndi mawu apansipansi, maso ali pansi. "Kungoti ena kumsika akumanena kuti pakamwa pa a Ng'ona mpokulirapo."

"Ndani? Ng'ona? Kamphanda kameneko?"

"Ine ndinawatsutsa, bwana. Koma anati ndilibe umboni."

"Umboni? Onani kuno nonse!"

Yasaaa! Nsagwada ina kumwamba, ina pansi. Mbalame zinauluka mumkuyu, ana anabisala kumbuyo kwa amayi awo. Ndipo diso la Kaganiza, lopukutidwa bwino lija, linali yuu, kuyang'ana momwemo.

"Ndaona," anatero Kaganiza. "Apa pakukwana pakamwa pa akapuku chikwi. A Mvuu, nsengwa chikwi."



A Mvuu anatseka pakamwa, khaphu! "Awonongeka makinawa."

"Alibe mlamu, bwana," anatero mayi Kapuku.

"Alibenso mimba," anawonjezera a Fulu kumbuyo.

"Chimene wanena ndi lamulo!" linayankha khamu lonse, ngati kuti ndi nyimbo ija.

A Mvuu thukuta kamukamu. "Koma abale, nsengwa chikwi? Alimi akuluakulu titha psiti! Boma lili kuti? Boma lilowererepo!"

"Bomalo ndinu, achimwene," anatero a Fulu pang'onopang'ono. "Paja munati lichepe. Lachepa."

A Mvuu anayang'ana a Ng'azi, koma a Ng'azi anali atatanganidwa ndi kuwerenga nyerere pansi. Pamenepo a Mvuu anakuwa kuti, "Msonkho wa pakamwa watha lero! Bwererani ku zamakolo zanuzo!"

"Ndamva," anatero Kaganiza. "Wokolola zambiri athire zambiri. A Mvuu, mwanena nokha kuti mumameza minda itatu pa usiku umodzi. Tiyambire pomwepo."

A Mvuu anadzambatuka. Liwiro dididi, mpaka mumtsinje, phuvu! Nyama zinakakolola minda ya a Mvuu ya tsidya ija, nkhokwe ya onse inadzaza mpaka kudenga. Kutacha, a Ng'azi anali kale pansi pa mkuyu, kulengeza kuti chipani cha Tidye Tonse chakhala chikukonda nyama zing'onozing'ono kuyambira kalekale.

Mayi Kapuku anabweza kansengwa ka a Fulu, atathiramo tinsawa tina pamwamba. Mvula itagwa anadzala mtedza wawo, ana asanu ndi awiri aja ali pambuyo kukwirira. Ndipo popita kumunda sankaiwala kupatuka pamkuyu, pukutu pukutu.

N'chifukwa chake mpaka lero a Mvuu amatuluka kukadya mdima ukagwa, kuti diso lija lisawaone, ndipo akafuna kuyasamula amayamba alowa pakati pa madzi.

Nthano yanga yafika kumchira, mbatata zija kaphuleni zisapserere. Koma inu ofuna mipando, mukagula muyeso woyezera anzanu, phunzirani kuyasamula mutatseka pakamwa.