Gogoda za Hiyam

"Amayi, bwanji mumavina mutavala gogoda pamene mwendo ukukuwawani?"

Anafunsa choncho Rasha m'mawa wina, ataona amayi ake akukulunga nsalu pakakolo. Hiyam anamanga mfundo nayankha kuti, "Wovina wopanda nsapato ndi mmphawi, mwanawe. Ine umphawi ndinausiya kwathu ku Bekaa."

Sankanama. Anachoka kumudzi ali mtsikana, bambo ake atalumbira kuti mwana wodukula chiuno pamaso pa amuna si wawo. Ku Beirut anayambira m'malo odyera onunkha utsi wa fodya, mpaka dzina lake linamveka, moti ukwati wa mwanaalirenji sunkakoma popanda iye. Mayina onyoza anawamva onse, khutu lake mpaka linauma ngati chikopa. Tsoka lake, khutu louma silisiyanitsa chipongwe ndi chenjezo.

M'nyumba yosanja imene ankakhalamo, m'chipinda cha pansi penipeni pa chake munkakhala Inaam, mayi wamasiye wosaphonya pemphero. Tsiku lina magetsi atathima, chikepe chitaima, awiriwa anakumana pamasitepe.

"Amake Rasha, denga langa limandiuza zinthu," anatero Inaam. "Kale mukamayeserera gule, mapazi anu ankagunda mofanana. Masiku ano lakumanzere likufika mochedwa. Pumitsani mwendowo, apo ayi vulani timitengo mumapondato."

"Zikomo adokotala apansi," anayankha Hiyam. "Bwanji osangonena kuti gule wanga amakusokonezani pemphero?"

"Mulungu amandimva ngakhale mukugogoda. Ine ndikunena za mwendo."

"Mwendo ndi wanga, mayi."

Loweruka lake kunali ukwati waukulu kutauni ya Zahle, pabwalo la miyala. Mnzake woimba ng'oma, poona mmene ankatsikira m'galimoto, anamunong'oneza kuti lero avine mofatsa. Hiyam anangom'yang'ana ndi diso limodzi n'kulowa m'bwalo. Anavina ngati moto wolusa pa udzu wouma, amayi akululutira, azibambo akuwomba m'manja. Pofika pachimake, pamene wovina amazungulira n'kudzigwetsa chagada, chidendene cha nsapato chinalowa pakati pa miyala. Thupi linazungulira, phazi linatsala. Ng'oma inangoti zii.

Kuchipatala anati mtsempha waduka, ndipo zovinanso adziwa ndi Mulungu. Maluwa anabwera sabata yoyamba n'kufota. Eni maholo anapeza atsikana ena, foni inaleka kulira. Hiyam anatsala pampando ndi chikhakha, akuwerenga ming'alu ya pakhoma.

Amene anagogoda pakhomo anali Inaam, ali wefuwefu, atanyamula mbale ya mpunga wa mphodza.

"Mwabwera kudzati ndinanena?" anafunsa Hiyam.

"Ndikanafuna kutero ndikanangokuwa pawindo, osavutika ndi masitepe. Idyani usanazizire. Denga langa langoti duu ngati kumanda, tulo sindikutipeza."

Hiyam anaseka, kenako misozi inam'tsika. Atapukuta anati, "Ndinkayesa mumandida ngati enawo."

"Zovala zanu zija ndiye sindizikonda, ndisaname, nsalu yake imachepa. Koma munthu amene ukumuda sumutchera khutu kuti umve ngati akutsimphina."

Kuyambira pamenepo Inaam ankabwera m'mawa uliwonse kudzam'bwereka phewa. Chikhakha chitachoka anayamba ndi kukhonde, kenako masitepe, Hiyam akukukuta mano, thukuta lili kamukamu, koma osalola kubwerera pampando. Anthu am'nyumbamo ankadabwa kuona wampango kumutu ndi wovina atakolekerana mikono. Akanafunsa akanauzidwa zimene akuluakulu ananena kale, kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Owomba m'manja aja anatha ngati mame. Wotsina khutu ndiye anatsala.

Tsiku limene Hiyam anakwera yekha mpaka pamwamba, anaima chilili, mapazi ali osavala pasimenti yozizira.

"Mwana wanu Dalal akukwatiwa chilimwe chino," anatero. "Kuphwando la amayi ndidzavina ndine. Wopanda nsapato, ndipo amene adzati ndine mmphawi adzatero."

"Nanga mwendo ukadzakana?"

"Mudzandiuza ndinu, ndipo ulendo uno ndidzamva."

Inaam anam'gwira dzanja. "Chabwino. Inu muzivina pamwambapo, ine ndizimvetsera pansipo. Phazi likadzachedwa, ndidzagogoda denga ndi mtengo wa tsache, inu n'kukhala pansi. Tagwirizana?"

"Tagwirizana, anansi."