Mzere Umodzi Si Munda

Kalekale ndithu, msewu usanafike kuno, kunali munthu wina dzina lake Hezekiya. Ika khasulo pansi, mphwanga, umve. Ine msana wakana kale.

Hezekiya anali mkulu wa mpingo. Tsiku la Mgonero ndiye ankayenda ndi chikho, kupatsa akhristu mmodzimmodzi. Munda wake unachita malire ndi munda wa Nangondo, mayi wamasiye wa mpingo womwewo. Malirewo anali kanjira kopita kuchitsime.

Chaka china, nthawi younga mizere, Hezekiya anayang'ana kanjira kaja. Mumtima anati, "Mzere umodzi si munda." Anakagalauza, naungapo mzere. Opita kuchitsime sanafunse kanthu. Anangolambalala n'kuponda m'munda mwa Nangondo, kanjira katsopano n'kubadwa pomwepo.

Chaka chotsatira, mzere umodzi si munda. Chinacho, mzere umodzi si munda.

Tsiku lina akupalira, Mfuko anatulutsa mutu pamzere.

"Odi, eni munda. Ine una wanga ndinakumba kwa Nangondo, ndipo sindinasamuke. Nanga ndapezeka bwanji kwa inu?"

Hezekiya anaponya khasu. Anaphonya. Mfuko anabwerera pansi.

Kuyambira pamenepo munthu uja anayamba kutopa. Kale popita kutchalitchi ankadutsa pakhomo pa Nangondo. Tsopano ankazungulira kudambo, kuthawa moni. Akamapemphera pagulu, pemphero linkatalika mpaka anthu kuwodzera. Akagwada yekha, m'kamwa munkauma. Pa pemphero la Ambuye, akafika pamawu opempha chikhululukiro, ankatsokomola. Pabwalo la mpingo ndiye anali woyamba kukalipa. Wapezeka ndi mowa? Adulidwe. Wavina kuchinamwali? Adulidwe. Paja anyani amasekana zikundu.

Anthu otere amanditopetsa, mphwanga. Ndimawadziwa bwino, chifukwa nanenso khasu ndinaligwirapo pafupi ndi malire.

Nangondo naye anasintha. Kutchalitchi ankabwera, nyimbo ankayimba. Koma nthawi ya Mgonero ikafika ankatuluka, n'kukakhala pansi pa mtengo mpaka chikho chibwerere. Chaka chinatha. China chinatha. Zinakwana zisanu ndi ziwiri, mizere nayo isanu ndi iwiri.

Akulu a mpingo anakhala pansi. Anati munthu wokana gome la Ambuye zaka zonsezi sangapitirire kutchedwa mkhristu. Wina apite akamufunse. Ngati alibe chifukwa, adulidwe. Ndipo anatuma woyandikana naye munda. Anatuma Hezekiya.

Anapita. Anapeza Nangondo akutonola chimanga pakhonde, kadengu kosadzaza n'komwe. Atalonjerana, Hezekiya ananena zimene anamutuma, maso ali pansi.

Nangondo sanasiye kutonola.

"Mzere woyamba ndinauona, bambo. Ndinati mwina diso lawanamiza. Wachiwiri ndinati ndikanene, koma ndani angamvere mayi wamasiye akamaneneza mkulu wa mpingo? Ndiye ndikaona chikho chija m'manja mwanu, mtima wanga umatukwana. Munthu samwa chikho cha Ambuye ali ndi chidani. Tchimo ndi langa. Kawauzeni andidule."

Hezekiya anatsanzika. Podutsa kumunda, Mfuko anatulutsanso mutu.

"Chaka chamawa ndidzakhala kwa yani?"

Hezekiya analibe khasu tsiku limenelo. Anangokhala pamzere, manja pamutu.

Lamulungu akulu anamufunsa chimene anapeza. Anati sanamupeze pakhomo. Lamulungu lina anati mayiyo akudwala. Lachitatu mlembi ananena kuti zakwana, dzina la Nangondo lichotsedwe lero lomwe. Anayamba kutembenuza masamba a buku la mpingo.

Pamenepo Hezekiya anaimirira. Munthu wa mapemphero aatali uja sanatalikitse. Anangoti, "Musamudule. Ndinamubera munda. Dulani ine."

Anaulula zonse, mzere ndi mzere. Anamulanda chikho, namuika pachilango, kubenchi lakumbuyo. M'mawa mwake anatenga khasu, nagumula mizere isanu ndi iwiri ija. Anayenda yekha pamalire akale, kupita n'kubwerera, kupita n'kubwerera, mpaka kanjira kanaonekanso. Madzulo asanafike anagwada, ndipo m'kamwa simunaume. Mulungu sakana munthu wolapa, zimenezo usakayike.

Mgonero wotsatira chikho chinali m'manja mwa munthu wina. Hezekiya ali kumbuyo kuja anasuzumira kuti aone Nangondo akumwa. Nyimbo itayamba, Nangondo ananyamuka mwakachetechete monga mwa masiku onse, nakakhala pansi pa mtengo.

Hezekiya anamutsatira. Anagwada chapatali.

"Mayi, munda ndabweza. Chikho sichili m'manja mwanga. Chatsalanso n'chiyani?"

Nangondo anamuyang'ana. Sanakwiye. Anali munthu wotopa basi.

"Mizere mwabweza, bambo, zikomo. Ndakukhululukirani, kapena ndinene kuti ndikuyesa. Koma zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikudana nanu m'mawa uliwonse. Mtima umene ndinkamwera nawo chikho chija ndaufunafuna, sindikuupeza."

Anakhala awiriwo pansi pa mtengo, wina apa wina apo, m'katimo akuyimba. Ena amati Nangondo anadzamwa patapita zaka ziwiri. Ena amati anamwalira asanamwe. Ine sindikudziwa, ndipo sindikunamiza.

Wamva, mphwanga? Tchimo timaliyamba tikuliyesa laling'ono. Limayamba n'kukutopetsa iwe mwini, likulande pemphero, likusandutse woweruza anzako. Kenako limadumpha malire, n'kukamera mumtima mwa munthu amene sanalakwe kanthu. Lako ukhoza kulapa, Mulungu n'kukukhululukira. Koma limene lamera mwa mnzako, khasu lako silifikako.

Ndipatse madzi ndimwe. Nthano yanga ndiye yathera apa.