Geti la Kum'mawa

Panali munthu wina wowotcherera zitsulo, dzina lawo a Chikadza. Ntchito yawo inkadziwika m'tauni monse. Chitsulo chimene alumikiza chinkatha kudyeka ndi dzimbiri, koma pamene awotcherera sipankalekana. Analinso mkulu wa masapota a timu ya mpira ya m'tauniyo, ndipo timu ikamasewera pakhomo ankatseka shopu yawo masana.

Bwalo la timuyo linali ndi mageti awiri, lalikulu kumadzulo ndi laling'ono kum'mawa. Chaka china timu inagonja pakhomo kangapo motsatizana. Masapota anakhala pansi n'kupeza chifukwa chake: alendo ankalowetsa mankhwala awo pa geti la kum'mawa, ndipo mwayi wa timu unkatulukira pomwepo. Loko sangathandize, anatero, pakuti wosunga kiyi amagulika. Choncho a Chikadza anabwera ndi makina awo n'kuwotcherera getilo ku mizati yake, pamwamba, pakati ndi pansi.

Timu inayamba kupambana. Kaya chinali geti, kaya mphunzitsi watsopano amene anafika mwezi womwewo, palibe anafuna kufufuza. Dzina la a Chikadza linalowa m'nyimbo za masapota, ndipo iwo ankazimva kukoma.

Tsiku lina kunabwera a ku ofesi ya ozimitsa moto kudzayendera bwalo. Anapeza mabotolo ozimitsira moto ali opanda kanthu. Anapeza malo a amayi okazinga tchipisi ali pansi pa mabenchi amatabwa. Mayi amene ankatsogolera ozimitsa motowo anakaima pa geti la kum'mawa n'kusisita ndi chala pamene panawotchereredwa.

"Wagwira ntchito iyi ndani?"

"Ndine, mayi," anatero a Chikadza.

"Ndinu katswiri, bambo. Lingafune anthu angati kuti aligwetse?"

"Ngakhale bwalo lonse litabwera kudzakankha, ili silisuntha."

"Ndimaopa zomwezo," anatero mayiyo, n'kupitirira.

Timu inalipitsidwa chindapusa, ndipo anailamula kuti getilo litsegulidwe masewero ena asanachitike. Ndalama zimene akuluakulu anasungira kuti agule womwetsa zigoli zinathera kumeneko. M'tauni munali mkwiyo. Yotamu, woimba ng'oma wa masapota, anapita kushopu kwa a Chikadza ndi uthenga wa anzake.

"Madala, nkhani ndi yophweka. Dulani, abwere aone, asangalale. Akangokwera galimoto, mubwezeretse. Iwo aja mpira amaudziwa? Amangodziwa mapaipi a madzi."

A Chikadza anavomera. Kutacha ananyamula makina odulira zitsulo n'kupita kubwalo. Analowera pa geti lalikulu, n'kuyenda kulowera kum'mawa podutsa kanjira ka pakati pa mpanda ndi mabenchi, kamene amuna awiri sangayendemo moyandikana. Mbali imeneyo sankakhalako. Ndi kumene kumakhala a matikiti otsika mtengo, ana asukulu, ndi amayi obereka ana kumbuyo. Pansi pa mabenchi panali phulusa la mbaula, ndipo matabwa a pamwamba pake anali atada ndi utsi wa mafuta.

Pa tsiku lowotcherera anali ataima kunja. Tsopano anali mkati. Anaika makina pansi n'kulikankha getilo ndi dzanja. Kenako analikankha ndi phewa, ndi mphamvu zawo zonse, monga angachitire munthu amene utsi uli kumsana kwake. Silinagwedezeke ngakhale pang'ono. Anatembenuka kuyang'ana kanjira kaja, ndipo kwa nthawi yoyamba anaopa ntchito ya manja awo.

Anadula pamwamba, pakati ndi pansi. Sanalekere pomwepo. Anatembenuza getilo kuti lizitsegukira kunja, kuti anthu akalikankha lizigonja. Anachotsanso chitsulo chokolekapo loko, n'kusalaza pamalopo.

Ozimitsa moto anabwera, anaona, anapita. Masapota anadikira kuti a Chikadza abwezeretse. Sanabwezeretse.

"Madala, mwadya zingati?" anafunsa Yotamu.

"Sindinadye kanthu, mphwanga. Amene akufuna kulitseka akapeze mmisiri wina. Ine ndidzabwera kudzadulanso."

Loweruka lotsatira timu inagonja pakhomo. Anthu anatuluka ali ndi mkwiyo, ndipo a mbali ya kum'mawa anatulukira pa geti lawo. A Chikadza anaima kunja, pambali pa mzati, kumene aliyense akanawaona. Ena anawalozera zala. Ena anawaimba nyimbo yomwe ija atasintha mawu. Mnyamata wina anakuwa kuti, "Mwayi uwo, madala, ukutuluka! Ugwireni mchira!" Anthu anaseka ngakhale anali okwiya.

A Chikadza ankangoyang'ana khamulo likutuluka mosapanikizana: ana atagwirana manja, nkhalamba ndi ndodo yake, mayi atasenza chiwaya pamutu, khanda likugona kumbuyo. Sanadziwe kuti mbali imeneyo kumakhala anthu ochuluka chotere. Onsewo anakhala kuseri kwa geti lowotchereralo chaka chathunthu, ndipo onse anali pano, akuyenda ndi miyendo yawo. Anavula chipewa n'kunena chapansipansi kuti, "Zikomo."

Yotamu, amene ankadutsa ndi ng'oma yake paphewa, anamva.

"Mukuthokoza chiyani, madala? Atimenya ziwiri kwa duu!"

"Ndikuthokoza kuti mukunditukwanira kunja kuno."

Sabata yomweyo masapota anawachotsa pa mpando. Iwo anaulandira mlanduwo osadandaula, ndipo Loweruka lililonse ankagula tikiti yotsika mtengo n'kukhala kum'mawa. Moto sunabukepo pabwalo limenelo. Palibe tsiku limene linafika loti anthu anene kuti a Chikadza ankanena zoona, ndipo iwo sanalifune tsiku lotero.

Inu amene mukumva, zimene zimaika anzathu pangozi si ulesi wokha. Nthawi zina ndi ntchito imene tinaigwira bwino, ndi mtima wonse, anthu akutiombera m'manja. Wina akabwera kudzakudzudzulani pa chinthu chotere, ngakhale abwere ndi chindapusa m'manja, musathamangire kukonza zoti aone n'kupita. Yambani mwakaima mbali imene anzanu amaima, mukankhe nokha. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo ngati chilango chakupezani anthu onse akadali moyo, thokozani, pakuti chafika msanga.